Kufa Ziwalo Mwadzidzidzi kwa Wodwala Khansa ya mu Ubongo

Anthu ambiri amene amasonkhana m'mawa pakhonde la chipatala cha Mphunzi, m'boma la Dedza, amabwera ndi matenda odziwika bwino monga malungo, chifuwa, chibayo ndi kutsekula m'mimba. Matenda amenewa mankhwala ake alipo, ndipo wodwala akalandira chithandizo msanga amabwerera kumunda pasanapite masiku ambiri. Koma alipo matenda ena amene sagwira anthu ochuluka, komabe akalowa m'nyumba amasintha moyo wa banja lonse. Ena mwa matenda otere ndi khansa ya mu ubongo, makamaka pamene wodwalayo wagwidwanso ndi sitiroko, nthenda imene anthu amaitchula kuti kufa ziwalo.

Wodwala wotere amakhala masiku owerengeka m'chipatala ndi miyezi yambiri pamphasa kunyumba. Motero ntchito yaikulu imagwera mkazi wake, mwamuna wake, mlongo wake kapena mwana wake. Phunziro lino likufotokoza zinthu zitatu zimene abale otere ayenera kudziwa: chifukwa chake matenda awiriwa amakumana, zoyenera kuchita pa tsiku limene ziwalo zafa, ndi kasamalidwe ka wodwala akabwerera kumudzi.

UBONGO NDI NTCHITO YAKE

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4 okha, koma ndiwo umalamulira kuyenda, kulankhula, kuona, kumeza, kukumbukira ndi kupuma. Mbali ya kumanja ya ubongo imayendetsa ziwalo za kumanzere kwa thupi, ndipo mbali ya kumanzere imayendetsa ziwalo za kumanja. Mwa anthu ambiri malo olamulira kulankhula ali kumanzere. N'chifukwa chake kawirikawiri munthu amene wafa dzanja ndi mwendo wa kumanja amavutikanso kutulutsa mawu.

Ubongo susunga chakudya chakechake. Umadalira magazi amene amaubweretsera shuga ndi mpweya usana ndi usiku, ndipo pa mpweya wonse umene thupi limagwiritsa ntchito, gawo limodzi mwa magawo 5 limathera mu ubongo. Magazi akaleka kufika pamalo ena a ubongo, malowo amayamba kufa m'mphindi zochepa.

Chinthu chinanso chofunika kuchidziwa n'chakuti ubongo uli m'kati mwa chibade, fupa lolimba limene silitambasuka. Chotupa cha pamwendo chili ndi malo okulira, koma chotupa cha m'mutu chikamakula chimapanikiza ubongo ndi mitsempha yake.

SITIROKO NDI CHIYANI?

Mlimi wa kachewere wothirira amadziwa mavuto awiri a ngalande. Ngalande ikatsekeka ndi zinyalala, mbewu za kumunsi zimafota chifukwa madzi sakuzifika. Ngalande ikagumuka, madzi amasefukira m'mizere nakokolola mbewu, ndipo za kumunsi zimasowanso madzi. Sitiroko nayo ili ya mitundu iwiri yofanana ndi imeneyi.

Mtundu woyamba umachitika pamene mtsempha wa mu ubongo watsekeka ndi magazi oundana. Mtundu wachiwiri umachitika pamene mtsempha waphulika ndipo magazi atayikira mu ubongo. Pa dziko lonse lapansi, mwa anthu atatu alionse ogwidwa ndi sitiroko, pafupifupi awiri amakhala a mtundu woyamba. Poyang'ana ndi maso palibe amene angasiyanitse mitundu iwiriyi, ngakhale dokotala amene. Amasiyanitsa ndi makina a sikani amene amajambula m'kati mwa mutu. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa mankhwala amene amathandiza mtsempha wotsekeka amaonjeza ngozi pa mtsempha wophulika.

ZOTUPA ZA MU UBONGO

Zotupa zina zimayambira mu ubongo momwemo. Mwa zimenezi, chotchedwa glioblastoma chimakula mofulumira ndipo n'chovuta kuchiza, pamene chotchedwa meningioma chimamera pa kachikopa kokuta ubongo, chimakula pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri si khansa. Zotupa zina zimachokera ku khansa ya malo ena, monga ya m'mapapo, ya m'mawere, ya impso kapena ya pakhungu, imene yayenda ndi magazi mpaka kukafika m'mutu.

Zizindikiro za chotupa zimabwera pang'onopang'ono, pa milungu kapena miyezi. Mutu umapweteka moonjezekera, makamaka m'mamawa, ndipo nthawi zina wodwala amasanza. Maso amayamba kuona mwachimbuuzi kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Munthu wamkulu amene sadagwepo khunyu chibadwire amayamba kugwa. Khalidwe limasintha: wofatsa amasanduka waukali, wochangamuka amangokhala duu, ndipo dzanja kapena mwendo umalefuka tsiku ndi tsiku.

Komabe si chotupa chilichonse cha m'mutu chimene chili khansa. TB imatha kupanga chotupa mu ubongo. Anthu amene chitetezo chawo chatsika chifukwa cha HIV amatha kugwidwa ndi tizirombo toyambitsa zithupsa za mu ubongo. Palinso njoka ya m'mimba imene munthu amaitenga podya nyama ya nkhumba ya masese yosapsa bwino. Mazira a njokayi amatuluka m'chimbudzi cha munthuyo, ndipo wina akawameza kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zosatsuka, amakasanduka timatumba mu ubongo toyambitsa khunyu ndi litsipa. Matenda atatu onsewa ali ndi mankhwala. Choncho banja lisataye mtima lisanamve zotsatira za kuyeza.

CHIFUKWA CHAKE MATENDA AWIRIWA AMAKUMANA

Wodwala khansa ya mu ubongo ali pa ngozi ya sitiroko kuposa anzake pa zifukwa izi:

1. Chotupa chikamakula chimatha kupanikiza mtsempha mpaka magazi kulephera kudutsa.

2. Chotupa chimadzipangira timitsempha tatsopano toti tizichidyetsa. Timitsemphati n'tosalimba ndipo timaphulika msanga.

3. Khansa imachititsa magazi kuundana msanga m'thupi lonse. Dokotala wa ku France, Armand Trousseau, adafotokoza za mgwirizano wa khansa ndi kuundana kwa magazi mu 1865.

4. Chithandizo chenichenicho chili ndi zovuta zake. Pa opaleshoni mtsempha ungathe kuvulala. Kuwotcha chotupa ndi makina, kumene madokotala amakutcha radiotherapy, kumatha kulimbitsa ndi kuchepetsa mitsempha patapita miyezi kapena zaka. Mankhwala ena a khansa amachepetsa tizigawo ta magazi toletsa kukha, motero magazi amatuluka mosavuta. Zimenezi sizitanthauza kuti chithandizo n'choipa ayi, chifukwa dokotala amayamba wayeza phindu ndi ngozi zake asanachipereke.

5. Wodwala wogona nthawi yaitali, wosamwa madzi okwanira kapena wosanza kawirikawiri, magazi ake sayenda bwino.

6. Matenda akale monga BP ndi shuga sachoka chifukwa chakuti khansa yabwera. Abale ena amaleka kupereka mankhwala a BP poganiza kuti nthenda yaikulu ndi khansa yokha, ndipo potero amatsekulira sitiroko khomo.

ZIZINDIKIRO ZA SITIROKO

Chotupa chimafooketsa munthu pang'onopang'ono, pamene sitiroko imagwa mwadzidzidzi. Wodwala amene m'mawa amadya phala yekha, masana n'kupezeka kuti sipuni ikumugwa m'manja ndipo pakamwa papotoka, ameneyo aganiziridwe kuti wagwidwa ndi sitiroko. Wachibale angathe kuyesa zinthu zitatu popanda chida chilichonse.

Choyamba ndi nkhope. Anene kuti, “Amayi, tasekererani.” Ngati mbali imodzi ya pakamwa yagwa, chimenecho ndi chizindikiro.

Chachiwiri ndi manja. Anene kuti, “Takwezani manja onse awiri.” Ngati dzanja limodzi likulephera kukwera kapena likutsika lokha, chimenechonso ndi chizindikiro.

Chachitatu ndi mawu. Afunse funso lapafupi monga, “Kodi mudzi uno ndi wa yani?” Ngati lilime likulemera, mawu akusokonekera, kapena wodwala sakumva chimene akufunsidwa, ngozi ilipo.

Chizindikiro chimodzi chokha mwa zitatuzi n'chokwanira kuti ulendo wa kuchipatala uyambike. Zizindikiro zina ndi mutu woopsa wobwera kamodzin'kamodzi, kusaona mbali imodzi, kudzandira ndi kugona tulo tosadzutsika. Nthawi zina zizindikiro zimatha zokha patapita mphindi zingapo. Pamenepo banja lisanene kuti zapita, chifukwa kawirikawiri limenelo ndi chenjezo la sitiroko yaikulu imene ingabwere m'masiku ochepa. Kuchepa kwa shuga m'magazi, ndiponso kufooka kumene kumatsatira khunyu, zimafanana ndi sitiroko, ndipo oyenera kusiyanitsa ndi achipatala.

ZOYENERA KUCHITA TSIKU LOMWELO

Abale akumbukire ora limene adamuona wodwala ali bwino komaliza, chifukwa achipatala adzafunsa. Amugoneke chammbali, mutu utakwezedwa pang'ono, kuti malovu ndi masanzi zisalowe m'mapapo. Amumasule zovala zothina ndi kumufunditsa ngati kukuzizira.

Asamupatse madzi, phala, thobwa kapena mankhwala a zitsamba, popeza mphamvu ya kumeza imatha kufa pamodzi ndi ziwalo. Asamupatse aspirin, chifukwa ngati mtsempha waphulika, aspirin amaonjeza kukha kwa magazi. Asamuteme mphini, ndiponso asataye tsiku kudikira mwinimbumba amene ali kutali. Uthenga ungamupeze pa foni ulendo uli m'kati.

Ponyamula wodwala, ngolo, machira kapena galimoto n'zabwino kuposa njinga yamoto, chifukwa munthu wofa mbali imodzi sangathe kudzigwira. Ngati njinga yamoto ndiyo yokha ilipo, munthu wamphamvu akhale kumbuyo kwake namugwira bwino. Atenge kabuku ka kuchipatala, mapepala onse a ku chipatala chachikulu ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa.

NJIRA YA CHIPATALA

Pa chipatala chaching'ono monga cha Mphunzi amayeza BP ndi kutentha kwa thupi, amaletsa khunyu ngati ilipo, ndipo amalemba kalata yotumiza wodwala ku chipatala cha boma ku Dedza. Kuchokera ku Dedza, wofunika kujambulidwa m'mutu amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85. Pa chipatala chimenechi padatsekulidwa mu 2023 nthambi ya mafupa ndi opaleshoni za ubongo yotchedwa LION, ndipo mu 2025 padatsekulidwa National Cancer Centre. Kwa zaka zambiri m'mbuyomu, Amalawi ofunika radiotherapy ankatumizidwa kunja, monga ku India.

Alipo mankhwala osungunula magazi oundana amene m'maiko ena amaperekedwa pasanathe maora 4 ndi theka chiyambire sitiroko, koma kwa munthu amene ali ndi khansa m'kati mwa ubongo kawirikawiri saperekedwa, poopa kukha magazi. Ngakhale zili choncho, kufulumira kuli ndi phindu lalikulu. Achipatala amachepetsa kutupa kwa ubongo, amakonza BP ndi shuga, amaletsa khunyu ndiponso amayesa ngati wodwala angathe kumeza. Wosatha kumeza amamuika kapaipi kodyetsera kodzera m'mphuno. Anthu ena amakana kapaipika poganiza kuti n'kamene kamapha. Zoona zake n'zakuti kamaikidwa pa anthu odwala kwambiri, ndipo ntchito yake ndi kufikitsa chakudya ndi mankhwala m'mimba popanda kutsamwitsa.

Gadiyani amene akudikirira wodwala aphunzire kwa anamwino ndi a mafizo zonse zimene adzachite kunyumba. Asachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa adadya phula.

KUSAMALA WODWALA KUNYUMBA

Kagonedwe. Munthu wogona mbali imodzi nthawi yaitali amatuluka zilonda pamene fupa likukhudza mphasa: pamchombo wa msana m'munsi, m'chiuno, m'zidendene, m'zigongono ndi m'mapewa. Atembenuzidwe maora awiri alionse. Pansi pake payalidwe matiresi kapena mabulangete opinda, ndipo nsalu ikhale youma, yopanda makwinya ndi nyenyeswa za chakudya. Pakati pa maondo paikidwe pilo kapena chitenje chopinda, ndipo dzanja lofooka ligonekedwe pa pilo, zala zitatambasuka. Tsiku lililonse wosamala ayang'ane khungu. Malo amene afiira kapena kuda kuposa pozungulira, kapena amene atentha ndi kulimba, ndiwo chiyambi cha chilonda, ndipo wodwala asagonerenso pamenepo.

Kadyetsedwe. Wodwala adye atakhala tsonga, atatsamira khoma, ali maso bwinobwino. Chakudya chikhale chofewa ndi chosalala: phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya, kachewere wophika ndi kukanya, dzungu, nthochi, mapeyala, mazira ndi nyemba zosenda. Madzi ndi tiyi ndizo zimatsamwitsa msanga kuposa phala lolimbirako, motero zimwetsedwe pang'onopang'ono ndi sipuni. Chakudya chiikidwe ku mbali yamphamvu ya pakamwa, ndipo sipuni yachiwiri idikire mpaka yoyamba itamezedwa. Akatha kudya akhalebe tsonga mphindi 30, ndipo m'kamwa mutsukidwe kuchotsa zotsalira m'tsaya. Kutsokomola pakudya, mawu a m'madzimadzi, kutentha thupi ndi kupuma mofulumira zimasonyeza kuti chakudya chikulowa m'mapapo. Chibayo chotere chimapha odwala sitiroko ambiri, ndipo chimafuna chipatala tsiku lomwelo.

Ukhondo. Wodwala asambitsidwe tsiku lililonse ndi madzi ofunda ndi sopo, apukutidwe bwino ndi kudzozedwa mafuta. Mkodzo ndi chimbudzi zikakhalitsa pakhungu zimalidya, choncho zovala zonyowa zisinthidwe msanga, zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa. Pansi pa nsalu payalidwe pulasitiki, koma pulasitikiyo isakhudze khungu. Zonyansa zitayidwe m'chimbudzi, ndipo wosamala asambe m'manja ndi sopo akatha ntchitoyi ndiponso asanagwire chakudya. Posambitsa, chitseko chitsekedwe ndi ana atuluke, chifukwa munthu sataya ulemu wake chifukwa cha matenda. Neti yoteteza udzudzu isaiwalike.

Moto. Ku mapiri a Dedza kumazizira kwambiri mu June ndi July, ndipo mwachifundo abale amagoneka wodwala pafupi ndi moto. Mwendo wakufa sumva kutentha, ndipo ungapse mpaka mnofu mwini wake osadziwa. Wodwala khunyu angathenso kugwera pamoto. Choncho afunditsidwe mabulangete ndi kuvekedwa masokosi, ndipo akhale patali ndi mafuwa. Mbaula ya makala isasiyidwe m'chipinda chotseka, popeza mpweya wake umapha anthu ali m'tulo. Pothowa ziwalo, wosamala ayambe wayesa madziwo ndi chigongono chake.

Mafizo. Chiwalo chosayendetsedwa chimauma ndi kupindika. Kawiri kapena katatu pa tsiku wosamala apinde ndi kuwongola zala, chigongono, phewa, bondo ndi kapondo, mofatsa, kakhumi pa mfundo iliyonse, osafika popweteka. Podzutsa wodwala asakoke dzanja lofooka, chifukwa phewa limaguluka mosavuta. Amugwire m'chiuno ndi kumsana, iye ataima ku mbali yofookayo. Wodwala alimbikitsidwe kudzichitira zimene angathe, monga kusamba kumaso ndi kugwira kapu, ngakhale zitenge nthawi. Mphamvu zambiri zimene zimabwerera pambuyo pa sitiroko zimabwerera m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, ngakhale kuti kwa wodwala khansa zimadaliranso mmene chotupacho chikuyendera.

Mwendo wotupa. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka, mwina magazi aundana mumtsempha wake. Usasisitidwe kapena kuthowedwa, chifukwa chibuluma cha magazicho chingathothoke n'kukatseka m'mapapo. Wodwala apite naye kuchipatala.

Kulankhulana. Munthu amene mawu atha si kuti nzeru zathanso. Ambiri amamva zonse zimene zikunenedwa pamutu pawo, choncho nkhani za maliro ndi za chuma zisakambidwe ngati iye palibe. Afunsidwe mafunso aafupi oyankha ndi mutu kapena kufinya dzanja, monga “Agogo, mukufuna madzi?” ndipo apatsidwe nthawi yoyankha. Ena amene satha kulankhula amatha kuyimba nyimbo zimene adazolowera kutchalitchi. Kulira kapena kukwiya popanda chifukwa ndi mbali ya matendawa, ndipo wosamala asakutenge ngati chipongwe.

Khunyu. Wodwala akagwa, zinthu zomuvulaza zichotsedwe, pansi pa mutu paikidwe nsalu, ndipo kugwedezeka kukatha agonekedwe chammbali. M'kamwa musaikidwe sipuni, chala kapena madzi. Khunyu sipatsirana, ngakhale kudzera m'thovu. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza iye asanatsitsimuke, apite naye kuchipatala msanga.

Mankhwala. Dexamethasone amachepetsa kutupa kozungulira chotupa. Amwedwe ndi chakudya, ndipo asasiyidwe mwadzidzidzi, koma monga dokotala walangizira. Mankhwalawa amatha kukweza shuga, choncho ludzu lalikulu ndi kukodza pafupipafupi zinenedwe kuchipatala. Mankhwala a khunyu, a BP ndi ma ARV asadumphitsidwe tsiku. Pa ululu waukulu achipatala amapereka morphine wamadzi, amene amamwedwa maora 4 alionse. Akamwedwa pa muyeso wolembedwa safupikitsa moyo. Amaumitsa m'mimba, motero amaperekedwa pamodzi ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi, ndipo papaya ndi madzi okwanira zimathandizanso. Botolo lisungidwe kutali ndi ana, ndipo wina akatenge mankhwala ena akale asanathe.

WOSAMALA NAYENSO NDI MUNTHU

Mutu umodzi susenza denga. M'midzi yambiri ntchito yonse imasiyidwa kwa mayi mmodzi, amene yemweyo ayenera kutunga madzi, kuphika, kulima ndi kudzuka usiku kutembenuza wodwala. Pakatha miyezi iwiri msana wamupweteka, munda wamera thengo, ndipo m'nyumba mwalowa njala pamwamba pa matenda.

Wodwala asanatuluke m'chipatala, mwinimbumba aitanitse abale a mbali zonse ziwiri, akuchikazi ndi akuchimuna, kuti agawane ntchito momveka: wogona ndi wodwala usiku uno ndani, wokatenga mankhwala ndani, wolima munda ndani. Amuna ali ndi gawo lawo, makamaka kunyamula, kusambitsa wodwala wamwamuna ndi kukonza chogwirira cha nsungwi kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi. Abale a m'tauni ndi a ku Joni amene sangabwere athandize ndi ndalama za sopo, za mayendedwe ndi za feteleza. Mtsikana wa pasukulu asasiyitsidwe maphunziro kuti akhale gadiyani. Angathandize akaweruka, koma tsogolo lake lisathere pamphasa ya agogo ake.

Ponyamula wodwala pakhale anthu awiri, apinde maondo, msana uli woongoka. Wosamala wamkulu apatsidwe tsiku lopuma pa mlungu. Amayi a Chigwirizano, a m'miphakati ndi a magulu ena achipembedzo amene amayendera odwala angathandize koposa ngati, pamodzi ndi pemphero, abwera ndi mtolo wa nkhuni, ndowa ya madzi, kapena kukhala ndi wodwala maora awiri kuti mnzawo agone. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo adziwitsidwe kuti m'mudzimo muli wodwala wotere.

ZA HAMALA

Chifukwa sitiroko imagwa mwadzidzidzi, anthu ena amati wodwalayo wamenyedwa ndi hamala ya ufiti. Makina a sikani amaonetsa poyera mtsempha umene watsekeka kapena magazi amene atayika, ndipo matendawa amagwira anthu a mitundu yonse pa dziko lapansi. Kusakasaka mfiti kumathetsa ndalama zimene zikadagula sopo ndi chakudya, kumachedwetsa chithandizo, ndipo kumagawanitsa abale pa nthawi imene akufunana kwambiri. Kawirikawiri woloza chala amaloza nkhalamba yosalakwa. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

PAMENE KUCHIRA SIKUNGATHEKE

Nthawi zina dokotala amauza banja kuti chotupa chafika poti sichingachotsedwe. Mawu amenewa satanthauza kuti chithandizo chatha. Chilipo chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, chimene cholinga chake ndi kuthetsa ululu, kusanza, khunyu ndi nkhawa. Ntchito imeneyi idakhazikika ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi kiliniki ya Tiyanjane mu 2003, ndipo boma lidakhazikitsa ndondomeko yake ya dziko lonse mu 2014. Banja lifunse za chisamaliro chimenechi ku chipatala cha boma.

Wodwala amene akufuna kudziwa za matenda ake auzidwe zoona mwachifundo, nzeru zake zikadali bwino, kuti anene yekha za ana, za munda ndi za kumene akufuna kukhala. Masiku otsiriza amagona kwambiri ndipo safuna chakudya. Asakakamizidwe kudya. Milomo yake inyowetsedwe ndi kansalu koyera, atembenuzidwe mofatsa, ndipo abale alankhule naye, pakuti makutu amatha kumvabe ngakhale maso atatsekeka. Banja limene lachita zimenezi lisadziimbe mlandu, chifukwa lachita mbali yake yonse.

PHUNZIRO KWA AMENE ALI BWINO

Palibe njira yodziwika yopewera khansa zambiri zoyambira mu ubongo, koma sitiroko zambiri zingapewedwe. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti anthu 33 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi adali ndi BP yokwera, ndipo oposa 90 mwa 100 a iwowo sankadziwa kapena sankalandira mankhwala. Kafukufuku wina wa ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2016, adasonyeza kuti BP ndi HIV ndizo zikuluzikulu zimene zimabweretsa sitiroko pakati pa akuluakulu m'dziko muno.

Choncho gadiyani amene wabwera ndi wodwala apemphe kuti nayenso ayezedwe. BP imene ikupezeka pa 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza imafuna uphungu ndi chithandizo, ngakhale munthu asakumva kupweteka kulikonse. Mchere wa munthu wamkulu usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasipuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wa m'ndiwo. Fodya asiyidwe, kachasu ndi mowa wina zichepe, ndipo aliyense adziwe mmene magazi ake alili. Chimbudzi pakhomo, kusamba m'manja, kutsekera nkhumba m'khola ndi kuphika nyama mpaka kupsa zimateteza ubongo ku timatumba ta njoka tija.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi kufooka kobwera ndi chotupa kumasiyana bwanji ndi kufooka kwa sitiroko?

2. Ndi zinthu zitatu ziti zimene wachibale angayese pa wodwala amene wasintha mwadzidzidzi?

3. N'chifukwa chiyani wogwidwa ndi sitiroko sayenera kupatsidwa madzi kapena aspirin asanaonedwe ndi achipatala?

4. Kodi wodwala wofa ziwalo angatetezedwe bwanji ku zilonda, ku chibayo ndi ku moto?

5. Ngati m'mudzi muli mayi amene akusamala wodwala yekhayekha, kodi abale, mpingo ndi anyakwawa angagawane bwanji ntchitoyo mlungu uno?